Galasi la galimoto yakale musalimate ndi silikoni chonde

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono kudzera m'nyuzipepala yanuyi, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi miyezi ingapo tsopano ndipo ndikukhulupirira kuti sindine ndekha amene ndakumana nazo. Nkhani yake ndi ya galasi lakutsogolo la galimoto zakalezi, windisikirini ija, komanso labala amene amaligwira. Ndikudziwa ena aseka kuti munthu wamkulu mpaka kulemba kalata chifukwa cha labala, koma amene anayendetsapo galimoto mvula ikugwa madzi akumudonthera pa bondo akudziwa chimene ndikunena.

Ine ndili ndi Volkswagen Beetle ya 1969 imene anandisiyira malume anga malemu. Si galimoto yoti ndingadzitame nayo kuti imathamanga ayi, imalira kwambiri kuposa mmene imayendera, koma ndimaikonda basi. Galasi lake linali ndi mng'alu wautali kuchokera pakona yakumunsi mbali ya dalaivala, unayamba ngati kanthu kakang'ono nkumakula mwezi ndi mwezi mpaka unadzafika pamaso penipeni, nde ndinapeza galasi lina labwinobwino nkupita nalo kwa munthu wina woika magalasi amene sindimutchula pano. Ndinamufunsa kuti bambo, munayamba mwaikapo galasi la galimoto yakale chonchi, iye nkuyankha kuti galasi ndi galasi akulu, musade nkhawa. Mawu amenewo ndikanakhala wochenjera ndikanatenga kiyi nkumapita.

Madzulo ndikukaitenga, galasi lalowa ndithu, kuonera patali bwinobwino. Nditayandikira ndinaona kuti waika labala yemwe uja wakale wouma gwaa, wong'alukang'aluka ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato, ndiye mmbali monse wapaka silikoni yakuda kuzungulira, yosalaza ndi chala, zidindo za chala zikuoneka. Kachitsulo konyezimira kaja kamene kamazungulira galasi anali atakapinda potulutsa ndi sukuludiraiva, kenako nkukaponya pa mpando wakumbuyo, akuti sikakufunikanso masiku ano. Nditalowa mkati fungo linali ngati wina watayira viniga. Ndinadandaula koma iye akuti mvula ikabwera mundithokoza.

Mvula inabweradi. Sabata yoyamba kunali zii, yachitatu kapeti wanyowa mbali ya pasenja, kenako waipa yopukuta galasi ija inayamba kugwira ntchito ikafuna yokha, sinanga pa Beetle mawaya ndi mafyuzi ali kuseri kwa dashibodi komweko, pansi pa galasi, ndiye madzi akalowera pakona amangotsikira pomwepo. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndinachiona patapita miyezi pamene penti inayamba kutuluka matuza pakona yakumunsi. Pamenepo ndinati iyayi, ndichita ndekha, ngati ndi kuswa galasi ndiswe ndi manja anga.

Apa ndiye pali nkhani yanga yeniyeni a Mkonzi. Achinyamata ambiri amene aphunzira ntchito ya magalasi masiku ano aphunzirira pa galimoto zamakono, ndipo sindikuwanyoza, ntchito yawo amaidziwa. Pa galimoto yamakono galasi limamatidwa ku bodi ndi guluu wamphamvu wotchedwa urethane, likauma limasanduka gawo la bodi, limathandiza kuchirikiza denga galimoto ikagubuduzika ndipo pa galimoto zambiri eyabagi ya pasenja imatsamira pa galasi lomwelo ikamafufuma. Galimoto yakale si choncho ayi. Galasi silikhudza chitsulo nkomwe, limakhala mkati mwa labala, labalayo ndi amene amaluma kamphepete ka chitsulo kozungulira windo. Mukamudula labala ameneyu nkumuyang'ana podulapo muona kuti ali ndi ngalande ziwiri kapena zitatu, ina ya galasi, ina yolumira chitsulo cha bodi, ndipo yachitatu ngati ilipo ndi ya kachitsulo konyezimira kaja kapena kachingwe kotsekera. Chimagwira galasi ndi kuthina kwa labala basi, palibe guluu. Bodi ya galimoto yakale imapotokoka pang'ono ikamadutsa m'maenje, labala ndi amene amameza kupotokoka kumeneko kuti galasi lisang'aluke. Ndiye munthu akabwera ndi nzeru yomata pa chinthu chimene chinapangidwa kuti chilumane, zotsatira zake ndi kapeti wanga uja.

Ndipo silikoni yamtundu umene amapaka ambiri, ya m'bafa ija, ikamauma imatulutsa asidi, nchifukwa chake imanunkha viniga. Asidi ameneyo akapeza pamene penti yakalika amadya chitsulo. Kuwonjezera apo siigwira bwino labala, pakapita nthawi imamatuka pang'ono mbali imodzi nkusanduka kathumba, madzi amalowa koma kutuluka ayi, amangokhala momwemo usiku ndi usana. Nanji nanji tsiku limene mudzafune kupentanso galimoto, penti simagwira pamene panadutsa silikoni, imachita timaenje ngati maso a nsomba, opopera penti amadana nayo kwambiri. Ngati pakufunikadi kutseka kampata, alipo mankhwala ake opangidwira ntchito imeneyi, amtundu wa butyl osauma gwaa, amakhala ofewa zaka ndi zaka ndipo mumawapopera pansi pa mlomo wa labala galasi litalowa kale, osati kuwapaka pamwamba ngati mukukulunga chilonda.

Tsiku lotulutsa ndinaitana mlamu wanga, munthu wodekha kuposa ine, ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 16. Poyamba tinachotsa mawaipa ndi kagalasi koonera kumbuyo, nkuyala bulangeti lakale pa boneti. Anthu ena amakhala pa mpando nkukankha galasi ndi mapazi kuchokera mkati, ndaonapo zikutheka, koma ngati galasilo mukulifunabe musayerekeze. Labala wakale ndi wotaya kale, ndiye mumumvera chisoni chifukwa chiyani? Tengani mpeni wakuthwa, dulani mlomo wakunja umene waphimba galasi kuzungulira konse, mpeni uzitsetsereka pa galasi osaloza ku penti, mukatero galasi limangotuluka ndi kukankha pang'ono ndi chikhatho wina atalilandira panja. Kachitsulo konyezimira musakatokose galasi likadali pa galimoto, kamapangidwa ndi aluminiyamu wofewa, kakapindika kamodzi basi sikabwereranso mwakale ngakhale mukaongole bwanji, kamachoka mosavuta galasi ndi labala zili pa tebulo.

Titachotsa labala ndi pamene ndinaona nkhondo. Pamwamba ndi mmbali chitsulo chinali bwino, penti yoyambirira ya ku fakitale ikadali yowala chifukwa sinaonepo dzuwa zaka zoposa 50. Koma makona awiri akumunsi, mayo ine. Ndinakanda ndi chikhadabo dzimbiri likungoyoyoka ngati chiswe chadya thabwa, mbali ya pasenja panali kabowo koti nsonga ya pensulo inalowa, ndipo pamwamba pa zonsezi pali silikoni ija yakhala phee ngati siinalakwe kanthu. Mlamu anangoti, alamu lero galasi sililowa. Ndinakwiya chifukwa ndinali nditakonzeka kuti tsiku lomwelo ndiyende nayo, koma ankanena zoona.

Ichi ndiye chimene ndikufuna owerenga amve: ntchito yoika galasi, gawo lalikulu si galasi, ndi kamphepete ka chitsulo kaja. Labala watsopano pa chitsulo chodyeka ndi kudzinamiza. Tinapala silikoni yonse, tinatsuka ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo choyera chitaoneka, pa bowo paja ndinaitana wowotcherera anadzaika kachigamba nkusalaza ndi giraindala, ndipo ndinamuchonderera kuti asasiye chotupa chifukwa kamphepete kakanenepa pamalo amodzi labala sakhala, amatukuka, ndipo galasi limapanikizika pamenepo nkuyamba mng'alu. Kakapindikira mkati kapena kunja muongole ndi pulayala pang'onopang'ono. Kenako praimala, kenako penti, kenako kudikira kuti iume zenizeni, ife tinadikira sabata yathunthu galimoto itafunditsidwa pulasitiki, chifukwa penti yaiwisi chingwe chikadutsapo imasupuka nde mwabwereranso poyambira. Chinanso chimene ndinaphunzira mochedwa, nsalu ya kudenga ija mkati mwa galimoto, m'mphepete mwake imapindikira pa kamphepete komweka nkumatidwa, labala ndi amene amaibisa ndi kuigwira. Ngati muli ndi maganizo osintha nsaluyo sinthani galasi lili panja, mukaphonya apa mudzatulutsanso galasi.

Pa labala penipeni ndinaluza kamodzi. Woyamba amene ndinagula anali wonyezimira bwino m'pepala koma wolimba ngati paipi yamadzi ndipo makona ake sanali owumbidwa, anali chabe mzere umodzi wolumikiza mapeto. Pa makona ankachita makwinya. Ndinamusiya nkufunafuna wina wopangidwira Beetle ya zaka zimenezo, chifukwa magalasi a Beetle si ofanana onse, a kale kwambiri ndi aang'ono, kuyambira mtundu wa 1965 mawindo anakulitsidwa, ndipo mtundu wa 1303 umene unabwera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 uli ndi galasi lokhota kwambiri losiyaniratu. Ngakhale labala wa chaka chimodzi alipo wa ngalande ya kachitsulo konyezimira ndi wopanda, nde muyenera kudziwa chimene mukufuna musanagule. Wabwino masiku ano amapangidwa ndi EPDM, mtundu wa labala umene supsa msanga ndi dzuwa, mukamupinda ndi zala amabwerera yekha osasiya mzere woyera.

Tsiku loika linafika, kunja kukutentha, ndipo nzabwino choncho chifukwa labala wozizira ndi wamakani. Tinamuyanika padzuwa pafupifupi ola limodzi mpaka anafewa, kukakhala kozizira mumuviike m'madzi otentha. Galasi tinaligoneka pa tebulo loyalidwa bulangeti, nkuyamba kumuveka labala kuyambira pa makona, ndipo apa musadabwe akamaoneka wamng'ono, amayenera kuthina, mukaveka mbali iyi mbali inayo ikuvuka, mwana wanga anafika poseka mpaka misozi poona akuluakulu awiri akulimbana ndi labala. Tepi ya pepala ija ndi imene inatipulumutsa, kuveka pang'ono kumata, kuveka pang'ono kumata. Atakhala bwino tinalowetsa kachitsulo konyezimira katsopano m'ngalande yake galasi likadali pa tebulo. Pa Beetle kachitsuloka kamalowa nthawi imeneyi basi, galasi likakwera pa galimoto ngalande ija imatsekeka ndipo simungakalowetsenso, ndiye munthu wanga uja ponena kuti sikakufunika, zoona zake nzoti anaiwala kapena sankadziwa, ndipo labala wa ngalande wopanda kachitsulo kake amakhala wolobodoka, sathina mokwanira, kachitsuloko si kokongoletsa kokha ayi.

Tsopano chingwe. Nzeru imeneyi amene anaiyamba ndimamuvulira chipewa. Mumatenga chingwe chosalala chonenepa mamilimita 4 kapena 5, chachitali kuposa kuzungulira kwa galasi, mumachinyika m'madzi a sopo nkuchilowetsa m'ngalande ija yolumira chitsulo kuzungulira konse, mapeto awiri nkupitirirana pakati kumunsi, otsalawo mumawamata ndi tepi kumbali ya mkati ya galasi kuti asapanikizike panja. Poterera gwiritsani madzi a sopo wotsukira mbale kapena gilisalini, osati oilo wa injini, osati girizi, mafuta amenewo amafufumitsa ndi kuoletsa labala. Ine ulendo woyamba ndinatenga kachingwe kakang'ono ka nailoni poganiza kuti kalowa mosavuta, kanalowadi koma pokoka kanayamba kucheka mlomo wa labala ngati lezala, mwamwayi mlamu anaona msanga nkukuwa kuti imani. Kanali katadula pang'ono pokha malo osaoneka. Tinatulutsa, tinasintha chingwe, tinayambiranso. Waya ndiye musayese nkomwe.

Tisanakweze tinaika chizindikiro cha tepi pakati pa galasi ndi pakati pa windo kuti zigwirizane, chifukwa galasi likatsamira mbali imodzi ndi mamilimita ochepa chabe, kona imodzi imathina ina nkusiya mpata ndipo madzi adzapezapo njira. Mlamu ndi mwana anaima panja wina mbali iyi wina mbali iyo, ine ndinakhala mkati pa mpando. Anakhazika mbali yakumunsi poyamba, kulitsamiritsa galasi pa windo, ine nkugwira nsonga imodzi ya chingwe nkuyamba kukoka cholozera pakati pa galasi, osati cholozera pachifuwa panga. Ndiye mumaona chinthu chosangalatsa, chingwe chikamatuluka chimakoka mlomo wa labala nkuudumphitsa kamphepete ka chitsulo, mlomo uja ukutembenuka pang'onopang'ono kumalira kuti tchwi tchwi ndi sopo uja, kumbuyo kwa chingwe labala wakhala kale ngati anabadwira pomwepo. Ndinakoka kutalika kwa chikhatho kumanja, kenako chimodzimodzi kumanzere, kusinthana choncho kuti galasi lisathawire mbali imodzi, apanjawo akutsatira ndi zikhatho pamene chingwe chili, kukanikiza cholozera pansi ndi mkati.

Pamakona ndiye pamafunika mtima. Chingwe chimalimba zedi mpaka mumaganiza kuti chaduka kapena chakodwa, mukakoka mwaukali mlomo ung'ambika, nde chinsinsi chake nkuchizungulitsa mozungulirazungulira ngati mukutakasa, pang'ono pang'ono chikuyenda. Kona yakumunsi mbali ya dalaivala inatidyera mphindi mwina 15 yokha, thukuta likulowa m'maso, zala zatupa mpaka ndinachita kukulunga chingwe pa kamtengo kuti ndigwire bwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, tsiku limenelo ndinawamvetsa. Mwana anafuna kumenya galasi ndi chibakera kuti lilowe msanga, mlamu anamugwira dzanja m'mwamba. Kumenya kulipo koma ndi chikhatho chotambasula, mbama yofewa pafupi ndi m'mphepete, kutsetserekera kumene mukufuna galasi lipite, osati chibakera, osati hamala ya labala, ndipo osakanikiza pakati pa galasi ndi thupi lonse, komanso mphete ndi wotchi avule.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a galasilo, ndipo apa ndiloleni ndipatuke pang'ono poti ambiri sasiyanitsa. Magalasi a galimoto alipo mitundu iwiri. Wina ndi wa magalasi awiri omatidwa ndi kapulasitiki pakati, kamene sikafika ngakhale milimita imodzi kunenepa kwake, mwala ukaligunda limang'aluka koma silimwazika, zidutswa zimakanirira pa pulasitiki ija. Nzeru imeneyi inachokera kwa katswiri wa ku France, Édouard Bénédictus, amene analembetsa luso lakelo mu 1909, ndipo kampani ya Ford inayamba kuika galasi lotere pa Model A imene inatuluka mu 1927. Mtundu wachiwiri ndi galasi limodzi lowotchedwa nkuziziritsidwa mwachangu, ndi lolimba kwambiri koma likasweka limasweka lonse kamodzi kukhala timiyala ting'onoting'ono, ili ndi limene limakhala m'mazitseko mpaka lero, koma galimoto zambiri zakale za ku Ulaya zinkabwera nalo ngakhale kutsogolo. Taganizani muli pa liwiro kamwala kadumpha, galasi lonse layera mbuu simukuona kanthu. Nchifukwa chake ine ndimati ngati mukusintha, ikani la kapulasitiki pakati, nkhani yosunga chikale ithere pa zinthu zina osati pa nkhope yanu. Yang'anani chidindo pakona ya galasi, limalembedwa mtundu wake, ndipo pa magalasi a chidindo cha ku Ulaya mukaona timizere tiwiri toimirira pafupi ndi chilembo E m'kabwalo ndiye kuti ndi lomatidwalo. Koma kuipa kwake poika nkwakuti lomatidwali silipirira kupindidwa, kakang'ono kalikonse kobenthuka m'mphepete kamasanduka mng'alu wothamanga kuchoka uku kufika uko mukangolikakamiza, nchifukwa chake sukuludiraiva yachitsulo isayandikire m'mphepete mwa galasi, ngati mukufuna chotokosera gwiritsani chapulasitiki kapena kamtengo kosemedwa. Ubwino wake wina nkwakuti ngati galimoto yanu ili ndi magalasi afulati, monga Land Rover zakale zija za magalasi awiri kutsogolo, odula magalasi angathe kukudulirani lomatidwa potengera lakale, pamene lowotchedwa lija silidulika, mukangoliyamba laphulika.

Ndisanamize anthu kuti njira ya chingwe ndi ya galimoto zonse zakale. Pa Mini yakale ija, imene inapangidwa kuyambira 1959 mpaka 2000, zimayenda mosemphana, labala amayamba kuvekedwa pa bodi, kenako galasi nkulowetsedwa mwa labalayo ndi zotokosera zapulasitiki, pomaliza nkulowetsa kachingwe kotsekera m'ngalande yakunja ndi kachida kake kokhala ndi diso kumapeto, kachingweko ndi kamene kamatambasula labala kuti alume mbali zonse. Galimoto zina za ku America za m'ma 1960 ndi 1970 galasi linkakhala pa tepi yomata ya butyl popanda labala wotere. Ndiye musanagwire mpeni dziwani kaye kuti yanuyo ndi ya mtundu uti, mabuku okonzera galimoto zimenezi alipo ndipo pa intaneti pali makanema ambirimbiri, kungoti ena mwa iwo amadula pamene zinavuta nkukuonetsani ngati ntchito ya mphindi zisanu.

Ife chingwe chinatulukira pakati kumwamba, nsonga yomaliza inachita kuti phwa, galasi nkukhala pansi ndi kamdidi kakang'ono kamene ndinakamva m'mpando. Tinazungulira mkati ndi chala kuona ngati mlomo wadumpha paliponse, pamalo amodzi pamwamba unali utapindikira mkati pamodzi ndi nsalu ya kudenga, tinaukoka ndi kawaya kopindidwa kosathwa. Panja napo mlomo wakunja uyenera kugona pa penti osapindika, pamakona awiri tinachita kuutukula ndi kapulasitiki. Kenako mbama zofewa zija kuzungulira kuti likhazikike, kupukuta sopo, nkuisiya padzuwa masiku awiri labala apeze malo ake.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti pa tsamba lanu la zamagalimoto muzitipatsako malo ife a galimoto zakale, si nkhani zonse zikhale za galimoto zatsopano zimene ambirife timangoziona pa zithunzi. Amisiri achikulire amene ankaika magalasi a Peugeot 404 ndi 504, Morris Minor, Mercedes zakale ndi ma Beetle ndi chingwe chokha akutha mmodzimmodzi, ndipo luso lawo silikulembedwa paliponse m'chilankhulo chathu, mtolankhani wanu atakhala nawo tsiku limodzi ndi kamera angatulutse nkhani yothandiza kuposa kalata yanga yosokonekerayi. Kwa achimwene oika magalasi, si manyazi kunena kuti iyi sindinaiphunzire, mwini galimoto akulemekezani kuposa mmene ine ndikumukumbukirira munthu uja nthawi iliyonse ndikaona chigamba pakona.

Za kuyesa madzi ndisaiwale. Tsiku lachitatu mwana anakhala mkati ndi tochi atasuzumira kuseri kwa dashibodi, ine ndili panja ndi paipi, osati mothamangitsa madzi ngati otsuka galimoto aja ayi, kungowasiya aziyenderera ngati mvula, kuyambira kumunsi nkumakwera pang'onopang'ono kuti pakadontha mudziwe kuti alowera pati, mukayambira padenga madzi amayenda paliponse simungadziwe. Kumunsi kouma, mbali ya dalaivala kouma, pamwamba kouma. Titafika pakona ya pasenja pamene panawotchereredwa paja mwana anakuwa kuti adadi kadontho. Kamodzi, kenako patapita kanthawi kena. Ndinatukula mlomo wakunja ndi kapulasitiki, nkupopera mankhwala osauma aja kutalika kwa chala chimodzi pakati pa labala ndi bodi, kupukuta otuluka ndi kansalu, nkuthiranso madzi mphindi 10 zathunthu mpaka mlamu anayamba kudandaula za bilu ya madzi. Tochi sinaonenso kanthu. Latsala tsopano ndi galasi lakumbuyo, labala wake wayamba kale kung'aluka pamakona, ndipo chingwe chija ndachisunga m'kabati ya dashibodi.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda galimoto zakale